Kabelu ka m'Chigayo cha ku Tolland

Jailosi anali munthu wa mabasi. Anabadwira ku Limbe, nakulira ku Bangwe kuseri kwa chigayo cha bambo ake. Sukulu inamutengera ku Zomba. Ntchito inamutengera ku Lusaka, kumene sanathe ndi chaka chomwe. Mu 1971 mwayi wa maphunziro unamuponya ku Toronto. Kulikonse ankafika ndi sutikesi imodzi, ndipo sankaimasula yonse.

Malo oyamba kumugwira mwendo anali Tolland. Katauni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, ulendo wa ola limodzi pa basi kuchokera ku North York, dera la mu Toronto, kumene ankakhala ndi mkazi wake Zelipa, namwino, ndi mwana wawo Mercy. Anapitako koyamba kukafufuza za maphunziro ake a mbiri yakale. Anapeza chigayo chosiyidwa, cha nsanjika zitatu, mawindo okhomedwa matabwa, gudumu la madzi litawola. Anaima pamenepo mpaka basi yobwerera inamusiya. Dziko lina, fungo lina. Koma chigayo ndi chigayo.

Zaka ziwiri anazithera m'mapepala akale a katauniko. Ankadziwa zonse. Mu 1834 munthu wina anatseka mtsinje ndi damu, nayamba kucheka matabwa. Patapita zaka zisanu anamanga chigayo cha tirigu. Miyala yake inachokera ku France pa sitima ya pamadzi, zidutswazidutswa, n'kudzazimanga ndi lamba wachitsulo. Chigayocho chinaitana wosula zitsulo, wopanga migolo, wofufuta zikopa, ndi mahotela awiri ogonamo alimi odikira ufa wawo. Kenako njanji inadzera kwina, malonda n'kuitsatira. Chigumula cha 1954 chinathyola damu, gudumu n'kuima. Mukanamudzutsa kutulo, Jailosi akanakutchulirani zaka zonsezi osaphonya.

Mu 1976 anthu a ku Tolland anaganiza zodzutsa chigayo chawo kuti alendo azidzachiona chikugaya. Anapanga komiti. Wapampando anali Mayi Naomi, mphunzitsi wopuma ntchito. Akalipentala anakonza damu ndi gudumu. Jailosi analemba kabuku ka mbiri yake, masamba 32, dzina lake pachikuto. Chinatsala chimodzi: munthu woyendetsa chigayocho, Loweruka lililonse ndi masiku onse a nyengo yotentha, makiyi ali m'thumba. Komiti inati idzasankha munthuyo likadzadutsa tsiku lotsegulira. Jailosi ankaifuna ntchitoyo kuposa chilichonse chimene anafunapo. Sutikesi ija anaimasula mpaka pansi, n'kuikweza pamwamba pa kabati.

Vuto linali mlamu wake.

Yotamu, mlongo wake wa Zelipa, anabwera kuchokera ku Ntcheu zaka zitatu m'mbuyomo. Jailosi ndiye anakamutenga ku bwalo la ndege. Jailosi ndiye anamubwereka jekete la chisanu, n'kumuphunzitsa kukwera masitepe oyenda okha. Miyezi isanu ndi umodzi Yotamu anagona pa sofa yawo. Ndipo Jailosi yemweyo ndiye anaona chikwangwani cha ntchito pa nyumba yosungira okalamba ku Tolland, n'kumuuza kuti akayese. Zimenezi ankazikumbukira kawirikawiri, makamaka pometa ndevu.

M'nyumba ya okalambamo munali a Douglas, a zaka 86, munthu womaliza kugaya m'chigayo chija chisanaime. Miyendo inali itawakana, ankayenda pa chikuku. Jailosi anapita kwa iwo kanayi, ali ndi tepi rekoda ndi mafunso olemba kale. Mkuluyo ankayang'ana makinawo, kenako pawindo. Pa tepi panamveka chifuwa, wailesi ya m'chipinda china, ndi mawu a Jailosi yekha.

Koma kwa Yotamu, amene ankawasambitsa ndi kuwameta, a Douglas ankalankhula ngati mpopi wothyoka.

Lamlungu lina atachoka kutchalitchi, Yotamu anadzadya kwa mlongo wake. Posamba m'manja Zelipa anamugwira dzanja lamanzere.

"Achimwene, izi n'chiyani? Nkhupakupa za ku Canada?"

Kumsana kwa dzanjalo kunali timadontho takuda, ngati wina wawaza tsabola pansi pa khungu.

"Ndi chitsulo, achemwali. Sitichoka."

"Chitsulo chalowa bwanji m'thupi la munthu wosambitsa nkhalamba?"

Yotamu anaseka, n'kufotokoza. Nyengo yonse yachisanu, Loweruka lililonse, ankakankha a Douglas kupita ku chigayo. Akalipentala ankawanyamula ndi chikuku chomwe, kuwakweza pamwamba pomwe pali miyala.

"Miyala ija imafuna kunola," anatero Yotamu. "Umagwada pa thumba, n'kumagogoda ndi kanyundo kakuthwa. Timizere ting'onoting'ono. Ndiye tizitsulo timathetheka, n'kulowa pakhungu. Agogo aja dzanja lawo lonse ndi lotere. Akuti kale munthu akabwera kudzafuna ntchito yonola miyala sankamufunsa kalata ayi. Ankangoti, tione dzanja."

Jailosi anayang'ana manja ake pansi pa tebulo. Osalala. Inki pang'ono pachala.

"Kiyi munaitenga kuti?"

"Kwa Mayi Naomi."

"Sanandiuze."

"Munali ku laibulale, alamu."

"Za dzanjazo m'mabuku mulibe."

"Mwina olemba mabukuwo sanawafunsepo dzanja."

Zelipa anaseka, chikhatho chili pakamwa. Jailosi anaseka mochedwa.

"Ndiye mwasanduka katswiri," anatero. "Munthu woti tsiku loyamba munapereka moni kwa aliyense m'sitima ya pansi pa nthaka."

"Mmodzi anandiyankha, alamu."

"Anali woledzera."

"Koma anayankha."

Lachitatu Jailosi anakwera basi ya m'mawa kupita ku Tolland. Mayi Naomi anawapeza m'chigayo akupachika zithunzi zakale pakhoma. Anamulandira bwino. Anayamikira kabuku. Kenako, nyundo ili m'manja, anatchula ngati nkhani yaing'ono kuti a Douglas apempha kuti pa tsiku lotsegulira chigayo adzachiyendetse Yotamu.

Jailosi anamva makutu akutentha. Anamwetulira.

Anayankha m'Chingerezi chake chabwino cha ku yunivesite. Anati iye anakulira pachigayo, ndipo asanadziwe kulemba dzina lake ankadziwa kale kumva ndi khutu kuti lamba wamasuka. Zinali zoona. Anati mlamu wake ndi munthu wabwino, wa manja olimba, wachifundo ndi okalamba, koma pagulu Chingerezi chimamuthawa. Izi zinali zoona zaka zitatu zapitazo. Anati alendo adzafuna mbiri, ndipo mbiri ili ndi iye.

Mayi Naomi anaganiza, msomali uli pakamwa. Anati chabwino, tsikulo ndi la Jailosi. Za ntchito akambirana pambuyo pake.

Atatsala yekha, Jailosi anakwera pamwamba. Miyala iwiri ikuluikulu, umodzi pamwamba pa unzake, inali yovindikiridwa ndi chibokosi chozungulira chamatabwa. Pamwamba pake panali chothiramo tirigu, chotambalala kukamwa, chochepa kunsi. Pakhoma panali mpini wachitsulo wotsegulira madzi. Gudumu akalipentala anali ataliyesa kale, miyala isanalumikizidwe. Kugaya kwenikweni komiti inakusungira tsikulo, kuti ufa woyamba udzagwe anthu akuona.

Pambali pa chothiramocho panalendewera kabelu kamkuwa, komangirira ku kachingwe kachikopa kolowa mkati. Kabeluko Jailosi anakapeza kalekale pa mndandanda wa katundu wa 1862. Pepalalo silinanene ntchito yake. Iye anaiganizira yekha n'kuilemba pa tsamba 19: kankaitana alimi ku hotela, kuwauza kuti ufa wawo wayamba kutuluka. Chinali chiganizo chokongola. Ankachikonda.

Anasuzumira pampata wa chibokosi. Timizere ta Yotamu tinali pomwepo, towongoka, toyandikana ngati tsitsi lopesa. Anafunafuna kamzere kokhota. Sanakapeze.

Lachisanu madzulo, mawa lake kukhala tsiku lotsegulira, Yotamu anatulukira atavala yunifolomu ya kuntchito. Jailosi anali akusita epuloni yoyera imene komiti inamusokera.

"Alamu, agogo andituma."

"Atuma inu. Ine telefoni ndili nayo."

"Pa telefoni samva bwino. Akuti mawa musanakhudze mpini uja, muthire tirigu kaye. Thumba lonse. Madzi pambuyo."

Jailosi anaimika simbi.

"Tirigu kaye."

"Eya."

"Chigayo chisanalire."

"Eya, alamu."

Jailosi anaseka kuseka kouma. Ku Bangwe mwana aliyense ankadziwa. Umaliza injini kaye. Lamba agwire, liwiro likwane, mawu a chigayo akhale amodzi. Pamenepo ndiye uthire chimanga, pang'onopang'ono. Ukathira chisanalire chimatsamwa, injini imazima, azimayi a pamzere amakuseka sabata yathunthu. Iye zinamuchitikira kamodzi ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mbama ya bambo ake ankaimvabe patsaya.

Ndiye m'maganizo anaziona zonse bwinobwino. Iye pamwamba paja, epuloni yoyera, anthu atadzaza. Chigayo chotsamwa. Yotamu akubwera modzichepetsa, manja kumbuyo, kudzakonza. Makiyi.

"Zimenezi mwaganiza nokha, kapena munathandizana?"

"Ziti?"

"Palibe. Kawauzeni agogo anuwo kuti ndamva."

"Ichi si chigayo cha dizilo, alamu. Miyala ikazungulira popanda kanthu pakati..."

"Yotamu. Ine fumbi la chigayo ndinayamba kulipuma inu mukuwetabe mbuzi."

"Ng'ombe, alamu. Kwathu n'kwa Angoni. Komanso akuti kabelu kaja..."

"Kabelu kali pa tsamba 19. Mukawerenge. Pokuvutani mudzandifunse." Jailosi anatembenuza epuloni. "Ndipo mawa inu malo anu ndi pansi, kumbuyo kwa chikuku. Pamwamba ndi pa alendo. Mpata ndi wochepa."

Yotamu anayang'ana mlongo wake, kenako pansi.

"Chabwino, alamu."

Tiyi anakana. Anati basi imusiya.

Chitseko chitatsekeka, Zelipa anaima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno.

"Bambo a Mercy, mukanamumvera mpaka kumapeto."

"Mlongo wanu akufuna makiyi."

"Wakuuzani?"

"Zimenezo munthu sanena."

"Munthu watsika shifiti, wakwera mabasi awiri, kudzakutcherani msampha? Pa njala yomweyo?"

"Mumamutenga ngati mwana, inu. Ine ndimamuona."

"Mumamuona kwambiri," anatero Zelipa. "Ngakhale palibe, mumamuona."

Loweruka kunacha bwino. Pa mlatho anamangapo mbendera. Panali gulu la malipenga, azimayi ovala madiresi aatali akalekale, ndi tebulo la timatumba tapepala toti mlendo aliyense atengeremo ufa woyamba. A Douglas anawaveka suti yakuda yowakulira. Anakana kukhala kutsogolo. Anati awaike m'chipinda chapansi, pafupi ndi mpopi wamatabwa wotulukira ufa. Anakhala pamenepo dzanja lili chitambasulire, Yotamu ali kumbuyo kwawo.

Pamwamba anthu anapanikizana mpaka pamasitepe. Jailosi analankhula mphindi makumi awiri osayang'ana pepala. Damu, macheka, miyala ya ku France, wofufuta zikopa amene fungo lake linathamangitsa hotela imodzi, njanji imene inadzera kwina. Anthu anaseka pomwe iye anafuna kuti aseke. Mayi Naomi ankagwedeza mutu. Zelipa anali pakona, atanyamula Mercy. Makiyi aja Jailosi ankawamva kale kulemera m'thumba.

Thumba la tirigu linali pambali pake, lomasula kukamwa. Analiyang'ana kamodzi. Anagwira mpini ndi manja awiri, n'kukoka.

Panja madzi anakhuthukira pa gudumu. Nyumba yonse inabuula. Matabwa a pansi ananjenjemera kumapazi. Mwala wapamwamba unasuntha, unazungulira kamodzi, kawiri. Anthu anawomba m'manja.

Kabelu kanayamba kulira. Ngwe, ngwe, ngwe, osalekeza.

"Mukukamva?" Jailosi anakweza mawu m'Chingerezi. "Zaka zana zapitazo, kabelu aka kakalira, alimi ku hotela ankasiya mabotolo awo."

Anthu anasekanso. Iye anatchera khutu, kudikira kuti mawu a chigayo akhale amodzi monga ku Bangwe. Sanakhale amodzi. Kunkamveka kukukuta, ngati munthu wamkulu akukukuta mano kutulo. Kunkakula. Kenako fungo. Silinali la ufa. Linali la mwala wopsa, lobaya m'mphuno, ngati pomwe pagunda mphezi.

Pansi panamveka kubangula. Mawu amene Jailosi anawasaka kanayi ndi tepi rekoda anawamva tsopano, aulere, kudzera m'matabwa. Sanali mawu oyenera tepi.

Yotamu anakwera masitepe atatuatatu, akukankha anthu ndi phewa. Anafika pakhutu pa mlamu wake, n'kulankhula Chichewa, chapansipansi.

"Thirani, alamu."

"Liwiro silinakwane."

"Mukupsereza miyala. Thirani, apo ayi tsekani."

"Bwererani ku chikuku."

"Alamu, chonde."

Jailosi anaima pakati pa Yotamu ndi thumba, kumwetulira kusanachoke pankhope, chifukwa anthu ankayang'ana. Pamenepo mayi wina wa diresi lalitali anakuwa, akuloza pampata wa chibokosi. Timoto tinkathetheka mkatimo, tofiira, m'nyumba ya matabwa ouma a zaka zana ndi makumi anayi. Anthu anayamba kubwerera chammbuyo. Yotamu sanapemphenso. Anazungulira mlamu wake, n'kukankha mpini.

Madzi analeka. Mwala unazungulirabe katatu, kanayi, n'kuima. Kabelu ndi kamene kanamaliza.

Kunali zii. Mercy anayetsemula.

Jailosi anatsegula pakamwa. Zaka zonse zinali momwemo, 1834, 1862, 1954. Panalibe chaka chothandiza.

Yotamu ndiye analankhula. M'Chingerezi. Sichinamuthawe.

Anati mlamu wakeyu amakonda mbiri kwambiri, moti wafuna kuti anthu amve ndi makutu awo phokoso limene wogaya aliyense ankaliopa. Anatulutsa kachingwe kachikopa kaja, n'kuwaonetsa. Tirigu akadzaza, amakapsinja, kabelu kamakhala chete. Tirigu akatha, kachingwe kamamasuka, kabelu kamalira. Sikaitana alimi. Kamaitana mwini chigayo, kuti athamange, chifukwa mwala ukudya unzake. Anati a Douglas anauzidwa zimenezi ndi bambo awo, ndi lamba wa m'chiuno.

Anthu anaseka, kuseka kwa anthu amene mantha angowachoka. Ena anawomba m'manja, n'kumawombera Jailosi. Bambo wina anamusisita paphewa, n'kunena kuti anamupusitsadi. Mayi Naomi sanawombe. Anatsegula kabuku kamene kanali m'manja mwawo, n'kuyang'ana tsamba lina nthawi yaitali.

Chikanakhala chipongwe, Jailosi akanachinyamula. Koma mlamu wake anali atamufunditsa nsalu pagulu. Chimenecho ndicho chinamuwawa mpaka m'mafupa.

Yotamu anadikira kuti miyala izizire. Anasenza thumba, n'kukhuthula lonse. Anakoka mpini pang'ono. Nyumba inabuulanso, koma tsopano mawu anali ofewa, onona, amodzi. Kabelu kanali chete.

Jailosi anatsika masitepe chifukwa pamwamba panalibenso chochita. Ufa unali ukugwera m'chikhatho cha a Douglas. Mkuluyo anaufikisa ndi chala chachikulu, anaulawa, n'kulavula. Munali mchenga wa mwala. Timatumba tija tinabwerera m'katoni topanda kanthu. Ufa woyamba wa zaka makumi awiri ndi ziwiri unapita ku nkhumba za mlimi wina.

A Douglas anakodola Jailosi ndi chala. Kanali koyamba.

"Tione dzanja," anatero m'Chingerezi chawo cha m'mano.

Jailosi anapereka, lamanja, lina litagwira pamkono monga kwawo. Mkuluyo anakankha limenelo, n'kutenga lamanzere. Analitembenuza. Analiyang'ana kumsana, pafupi ndi maso awo. Analisiya.

"Mizere ija mwaifafaniza. Inatenga miyezi inayi. Loweruka mubwere mudzayambe kuibwezera. Yotamu akuonetsani."

Telefoni ya Mayi Naomi inabwera Lachiwiri. Analankhula mwaulemu. Komiti yagwirizana kuti makiyi apite kwa Yotamu. Kabuku anthu akakonda, kasindikizidwanso, koma tsamba 19 likonzedwe. Ndipo zingakhale bwino kutchula pamenepo kuti za kabeluzo zinachokera kwa a Douglas kudzera mwa Yotamu. Anafunsa kalembedwe ka dzina lake la kumtundu. Jailosi anawatchulira, chilembo chimodzichimodzi.

Atabweza telefoni anatsitsa sutikesi pa kabati. M'nyuzipepala ya sabata yatha munali ntchito ku mzinda wa Hamilton, yosanja mapepala akale. Anali ataidula kale, osadziwa chifukwa chake. Zelipa anamupeza akupinda malaya.

"Ulendo wa kuti?"

"Kukangoona."

"Ku Lusaka munkangoonanso."

Jailosi anapinda malaya ena.

"Basi ya ku Hamilton ilipo tsiku lililonse, bambo a Mercy. Siithawa. Koma miyala ya eni ake mwaisiya yotani?"

"Ili ndi mwini wake tsopano. Wa makiyi."

"Wa makiyiyo sanaipsereze."

Zelipa anatuluka osatseka chitseko. Sutikesi inakhala pabedi mpaka nthawi yogona, kenako pansi, yotsegula, malaya atatu ali mkati. Masiku atatu Jailosi ankailumpha popita kubafa.

Loweruka anakwera basi ya ku Tolland. Anadziuza kuti n'chifukwa cha tsamba 19.

Anapeza chitseko chotsegula kale. Mwala wapamwamba anali ataukweza ndi unyolo n'kuugoneka chagada. Timizere tija tinali titatha m'malo ambiri, mwala uli see ngati mbale. A Douglas anali pakona, bulangete pamaondo, maso otseka. Yotamu anayala thumba la gaga pamwalapo, n'kupereka kanyundo ndi manja awiri. Makiyi anali m'chiuno mwake, pa kachingwe. Akasuntha pang'ono, ankalira.

"Gwadani apa, alamu. Chigongono pa thumba. Musamenye ngati mukuswa nkhuni. Kanyundo kagwe kokha."

Jailosi anagwada. Anagogoda.

"Mwakhotetsa."

Anagogodanso.

"Pang'onopang'ono. Lamanzere likhale kutsogolo, liziwongolera."

"Ndamva."

"Ku Bangwe kunalibe zimenezi, eti?"

"Yotamu."

"Ndangofunsa, alamu. Ife a ng'ombe sitidziwa zambiri."

Pakona paja a Douglas ananena kanthu osatsegula maso. Yotamu anaseka, n'kuwayankha. Anaseka onse awiri. Jailosi sanamve chimene chinanenedwa, ndipo sanafunse. Anagogoda mpaka maondo anachita dzanzi. Pofika madzulo anali atamaliza kachigawo kosakwana chikhatho. Yotamu anakayang'ana, mutu uli pambali, n'kunena kuti theka lake likhoza kukhala.

M'basi Jailosi anakhala kumbuyo, pawindo. Mtsinje unatsala, minda inatsala, nyumba zazitali za ku North York zinayamba kuoneka. Anaika dzanja lamanzere pabondo, n'kuliyang'ana kumsana. Pafupi ndi chala cholozera panali kadontho kakuda. Kamodzi. Anayesa kukumbukira kuti Yotamu anali ndi tingati Lamlungu lija. Makumi atatu, mwina makumi anayi. Miyezi inayi. Anawerengera ma Loweruka amene atsala chisanu chisanabwerenso, ndipo anapeza kuti akamafika m'mawa kwambiri, Yotamu asanatsike shifiti, akhoza kumupeza pa kuchuluka kwa timadontho. Kenako anakumbukira amene ali ndi makiyi.

Ananyowetsa chala chachikulu ndi malovu, n'kufikisa kadonthoko kuti aone ngati kalowadi pansi pa khungu.

Kanachoka.